Magetsi a M'diso la Galu

WOFOTOKOZA: Mkati mwa diso, kumbuyo kwenikweni, muli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina. Kuwala kukagwa pamenepo, maselo ake amatulutsa mphamvu ya magetsi yochepetsetsa, ndipo mphamvuyo ndiyo chiyambi cha uthenga umene umakafika ku ubongo kuti nyama kapena munthu aone. Madokotala a maso amatha kuitola mphamvu imeneyi pamwamba pa diso n'kuionetsa pa kompyuta ili mzere wotsika ndi kukwera. Kuyeza kotere kumatchedwa electroretinography, mwachidule ERG. Kwa agalu, ntchito yake ina yaikulu ndi kufufuza matenda akumtundu amene amachititsa galu kusaona kukangoda, pamene masana amayenda bwinobwino ndipo diso lake, poliyang'ana, lilibe chilema chilichonse. Amene akukambirana nkhaniyi, wina uku wina uko kwa mpanda wa udzu, ndi aChisale, amene ankagwira ntchito yothandizira dokotala wa ziweto ku Johannesburg, ndi neba wawo aNabanda, ogulitsa thobwa.

(Ndowa ya chitsulo ikugubuduzika. Galu akulira.)

ANABANDA: Odi kumeneko! AChisale! Tulukani mudzaone zintchito za mlonda wanu.

ACHISALE: Mwaswera bwanji, aneba?

ANABANDA: Za kuswera zisiyeni. Thobwa la mawa lonse lili m'dothi. Galu wanu wagunda ndowa, wagunda mpando, pomaliza wagunda ine amene. Galu wanji wouwa mtengo wa papaya, akuba akudutsa kumbuyo kwake?

ACHISALE: Chenjera si wopusa, mayi a Tadala. Vuto ndi maso. Masana simumuona akuthamangitsa nkhuku zanu osaphonya n'imodzi yomwe?

ANABANDA: Eya! Ndiye mwavomera kuti amene amatha nkhuku zanga ndi iyeyo?

ACHISALE: Ya nkhuku tiikambe tsiku lina. Ndikunena kuti galu woona masana n'kumagunda zinthu dzuwa likalowa ali ndi vuto la mbali imodzi ya retina. Mmenemo muli maselo a mitundu iwiri olandira kuwala, ma rod ndi ma cone. Ali ngati alonda awiri pa geti limodzi, wa masana ndi wa usiku. Ma cone ndiye wa masana: amasiyanitsa mitundu, amaona tinthu ting'onoting'ono, koma amafuna kuwala kokwanira. Ma rod ndiye wa usiku: za mitundu alibe nazo ntchito, koma kamwezi kokha kamawakwanira. Wa usikuyo akapanda kubwera ku ntchito, masana simungadziwe kuti pa geti pali vuto.

ANABANDA: Wa kwanuyo ndiye analandira malipiro n'kuthawa. Koma musandinamize. Ndamuunika ndi tochi pompano, maso ake akuwala ngwee. Maso akhungu amawala?

WOFOTOKOZA: Retina ya galu ili ndi ma rod ochuluka kwambiri kuposa ma cone, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene galu wabwinobwino amaonera m'chisisira kuposa munthu. Kuseri kwa retina kulinso kachigawo konyezimira kotchedwa tapetum lucidum, kamene kamabweza kuwala kuti kudutsenso kachiwiri pa maselo aja. Kameneka ndi kamene kamawala galu akaunikidwa ndi tochi. Kuwalako sikutsimikiza kuti galu akuona. Pa matenda ena amene amadya retina, maso amayamba kuwala mopitirira, chifukwa kachikopa kamene kanali kutsogolo kwa tapetum kapyapyala.

ACHISALE: Mwamva? N'chifukwa chake ku Joni galu wotere ankamuyeza ndi magetsi.

ANABANDA: Mayo ine! Mukufuna kulumikiza galu ku soketi? Ine ndangodandaula za thobwa, sindinanene kuti mumuphe.

ACHISALE: Palibe amene amam'lowetsa magetsi, aneba. Magetsiwo ndi a galu mwini wake. Diso ndilo limatulutsa, makinawo amangotchera khutu.

ANABANDA: Galu ameneyu ali ndi magetsi? Nanga bwanji mumabwera kudzatchaja foni kwanga?

ACHISALE: Si magetsi oti n'kuyatsira babu. Batire la tochi yanuyo ndi la ma volt 1.5. Za m'diso amaziyeza m'ma microvolt, ndipo microvolt ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a volt imodzi. Diso la galu wathanzi likayesetsa limapereka mazana owerengeka a tizigawo timeneto. Amachita kuzikuza ndi makina kuti zioneke.

WOFOTOKOZA: Woyamba kuona kuti diso limatulutsa magetsi likawaliridwa anali Frithiof Holmgren wa ku Sweden, m'chaka cha 1865, ndipo anaona zimenezi pa diso la chule. Mu 1908 Willem Einthoven, yemwe uja wa makina oyezera mtima, pamodzi ndi W. A. Jolly, anagawa mzere wa ERG m'zigawo n'kuzipatsa malembo a, b ndi c. Mu 1933 Ragnar Granit anasanthula zigawo za mzerewo pa maso a mphaka, ndipo mu 1967 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi anzake awiri pa ntchito zofufuza mmene diso limaonera. Njira yotolera magetsiwo ndi kagalasi kovala pa diso inayamba ndi Lorrin Riggs mu 1941. Ya agalu inachedwerapo kukhazikika. Bungwe la madokotala a maso a ziweto la ku Ulaya, ECVO, linatulutsa malangizo a kayezedwe ka agalu mu 2002, n'kuwakonzanso mu 2013, kuti zotsatira za chipatala china zizitha kufananitsidwa ndi za chipatala chinzake.

ANABANDA: Achule, amphaka, agalu. Azungu analibe minda yolima? Chabwino, tiuzeni inu amene munapita ku Joni. Galu angakhale phee wina akumuika galasi m'diso? Wanuyu ngakhale nkhupakupa salola kum'chotsa.

ACHISALE: Sakhala phee ndi ulemu ayi, amam'gonetsa ndi mankhwala. N'chifukwa chake amabwera asanadye. Choyamba amam'donthezera mankhwala otchedwa tropicamide kuti kamwana ka m'diso katseguke, kuwala kuzilowa kokwanira. Akagona, diso limakonda kutembenukira pansi, ndipo kachikope kachitatu, kaja kali pa ngodya ya diso pafupi ndi mphuno, kamakwera n'kuliphimba. Ndiye dokotala amaika kachitsulo kotsegula zikope, nthawi zina amagwira disolo ndi kaulusi kuti liziyang'ana kutsogolo.

ANABANDA: Basi, basi, ndangodya kumene.

ACHISALE: Mawaya ake ndi atatu. Woyamba uli pa kagalasi kokhala ndi mkombero wa golide, kamene amakapaka mankhwala oterera n'kukakhazika pa diso penipeni. Wachiwiri ndi kasingano kolowa pansi pa khungu pakati pa diso ndi khutu. Wachitatu amaubaya pamwamba pa mutu chakumbuyo. Makina amayeza kusiyana kwa mphamvu pakati pa woyamba ndi wachiwiri, wachitatuwo ndi wochotsa phokoso la magetsi ena a m'chipindamo.

ANABANDA: Golide pa diso la galu. Ine ndolo zanga ndi za pa msika, zimachita dzimbiri mvula ikagwa.

ACHISALE: Kenako azimitsa nyali zonse. Mdima wa bii, mphindi 20.

ANABANDA: Mwanena nokha kuti galuyo saona mumdima. Mukuzimitsiranji nyali? Kum'seka?

ACHISALE: Inu mukatuluka m'nyumba yowala usiku, mumayamba mwaima kaye pakhomo, sichoncho? Pakapita nthawi njira imayamba kuoneka. Amenewo ndi ma rod akudzuka. Kuwala kwamphamvu kumawatopetsa, ndipo amafuna nthawi ya mdima kuti abwezeretse mphamvu. Ndiye kuti muwayeze iwo okha, muyenera kuwadikira. Ife ogwira ntchito tinkangotsala ndi kanyali kofiira kosawala kwambiri, chifukwa kuwala kofiira sikuwavutitsa kwambiri ma rod. Wina akangotsegula chitseko kapena kuyatsa foni, zonse zawonongeka, muyambirenso kuwerenga mphindi.

ANABANDA: Ndikudziwa amene ankayatsa foniyo.

WOFOTOKOZA: Mdimawo ukakwana, diso limawaliridwa ndi kuwala kong'anima kamodzi n'kamodzi, kochokera mu chipangizo chimene chimamwaza kuwalako mofanana pa retina yonse. Amayamba ndi kuwala kofooka kwambiri, kumene ma cone sakumva n'komwe. Yankho limene latuluka pamenepo ndi la ma rod okha. Kenako amang'animitsa kwamphamvu, ndipo ma rod ndi ma cone amayankhira pamodzi. Zikatha izi nyali imayatsidwa kwa mphindi 10 kuti ma rod atope akhale chete, ndipo ma cone amayezedwa paokha. Pomaliza pali kuwala kophethira mofulumira, pafupifupi ka 30 pa sekondi imodzi. Liwiro limenelo ma rod sangalitsate, choncho mzere uliwonse umene waoneka ndi wa ma cone.

ANABANDA: Ndiye pa kompyutapo pamatuluka chiyani? Chithunzi cha ndowa yanga?

ACHISALE: Pamatuluka mzere basi. Kuwala kwamphamvu kukang'anima, mzerewo umayamba watsika pang'ono. Kutsikako ndi a-wave, ndipo kumachokera ku ma rod ndi ma cone enieniwo, kusonyeza kuti kuwala akumva. Kenako mzere umakwera kwambiri kupitirira pamene unayambira. Kukwerako ndi b-wave, ndipo kumachokera ku maselo a mzere wachiwiri, otchedwa ma bipolar, amene amalandira uthenga kwa oyamba aja n'kuupititsa kutsogolo. Zonsezi zimatha kota ya sekondi isanakwane. Dokotala amayeza zinthu ziwiri: kutalika kwa kutsika ndi kukwerako, ndi nthawi imene yadutsa kuchokera pa kung'anima kufika pa nsonga.

ANABANDA: Kukwera n'kutsika. Ndiye mpaka munthu kupita kusukulu zaka zonsezo?

WOFOTOKOZA: Kuwerenga mzerewo n'kovutirapo kuposa mmene kumamvekera, chifukwa kutalika kwake kumasintha ndi zinthu zambiri zimene si matenda: mtundu wa galu, msinkhu wake, mankhwala amene am'gonetsera, ngakhale malo amene kasingano kachiwiri kabayidwa. Chifukwa cha ichi, mzere wa galu wodwala umafananitsidwa ndi wa galu wathanzi wa mtundu womwewo ndi msinkhu womwewo, woyezedwa m'njira yomweyo. Ubwino wake waukulu ndi woti sudalira umboni wa mwini galu. Galu amaloweza pamene pali mipando ya kwawo, amayendera mphuno ndi makutu, ndipo eni ake ambiri amakana kwa mtuwagalu kuti saona mpaka tsiku limene wina wasuntha tebulo.

ACHISALE: Mwamva, aneba? Ndowa ija inali pamalo pake pa masiku onse?

ANABANDA: Pabwalo panga ndiziyamba ndapempha chilolezo kwa galu wanu ndisanasunthe ndowa? Tandiuzani za matendawo. Kapena ndi ufiti wa ku Joni munabwera nawo m'chikwama?

ACHISALE: Odziwika kwambiri ndi a agalu a mtundu wa Briard. Ndi agalu akuluakulu a ubweya wautali, mpaka kuphimba maso, oweta nkhosa ku France.

ANABANDA: Ndiye mwapeza kale vuto. Ammete.

ACHISALE: Si ubweya ayi. Mu 1989 dokotala wa maso a ziweto wa ku Sweden, Kristina Narfström, ndi anzake analemba za ma Briard a kumeneko amene ankabadwa osaona usiku. Ena masana ankaonako, ena ngakhale masana zinkawavuta, ndipo ena maso awo ankangonjenjemera. Akawaunika mkati mwa diso ali aang'ono, retina inkaoneka yabwinobwino. Chimene chinaulula ndi ERG. Atawakhazika mumdima n'kung'animitsa kuwala kofooka, mzere unangoti tantha, osatsika osakwera. Ngakhale pa kuwala kwamphamvu, a-wave ndi b-wave zonse zinali tating'ono kwambiri.

WOFOTOKOZA: Gwero la matendawa linapezeka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Gulu la Gustavo Aguirre ku America mu 1998, ndi gulu lina la ku Ulaya mu 1999, anasonyeza kuti mu jini yotchedwa RPE65 mukusowa zilembo zinayi za DNA. Jini imeneyi imagwira ntchito mu mzere wa maselo okhala kuseri kwa ma rod ndi ma cone, amene ntchito yawo ndi kuwasamalira. Chimene chimagwira kuwala m'diso ndi kachinthu kopangidwa kuchokera ku vitamini A. Kuwala kukakagunda kamasintha maonekedwe, ndipo sikangagwirenso ntchito mpaka katabwezedwa mwakale. Puloteni ya RPE65 ndi imene imagwira ntchito yobwezayo. Ikasowa, ma rod amakhalapo, amoyo ndithu, koma alibe chogwirira kuwala. Poyamba matendawa ankaonedwa ngati osapitirira, koma kutsatira agaluwo kwa zaka kunasonyeza kuti retina imawonongeka pang'onopang'ono galu akamakula.

ANABANDA: Vitamini A? Bwanji osanena kale? Ku sikelo ana amawadonthezera makapisozi a vitamini A, ndipo anamwino amatiuza kuti mwana akaisowa amayamba kusaona madzulo. Mugulireni chiwindi galu wanuyo. Kapena adye mapapaya amene amawauwa aja.

ACHISALE: Za anazo mwalondola. Kusowa vitamini A m'zakudya kumabweretsadi vuto lomweli, ndipo limatha munthu akailandira. Koma Briard uja vitamini ali nayo, mpaka imachita kuunjikana m'maselo akuseri aja ngati timadontho ta mafuta. Chimene chikusowa ndi wokonza. Mutam'patsa chiwindi cha ng'ombe yathunthu anganenepe, koma ndowa azigundabe.

ANABANDA: Ndiye agalu onse osaona usiku ndi vuto lomwelo?

ACHISALE: Apa ndiye pamene makina aja amaonetsera ukatswiri wawo. Pali agalu ena a mtundu wa Beagle, aafupi a makutu ogwa aja, amene anapezeka ku Japan. Nkhani yawo inalembedwa mu 2015 ndi Mineo Kondo ndi anzake. Nawonso amabadwa osaona mumdima, masana ali bwinobwino, diso poliunika lilibe kanthu. Mukawaika pabwalo limodzi ndi Briard usiku, onse azigunda ndowa imodzimodzi.

ANABANDA: Ndowa yanga ichokemo m'nkhani za ku Japan.

ACHISALE: Koma mzere wawo ndi wosiyana. Wa Beagle umatsika bwinobwino, a-wave ilipo yonse. Chimene chikusowa ndi kukwera kuja. Mzere umatsika n'kukhala pansi pomwepo, b-wave palibe. Kutanthauza kuti mlonda wa usiku uja alipo, wakuba wamuona, wakuwa, koma woti amve n'kukadzutsa bwana ndi amene sakumva. Pamene kwa Briard, mlonda mwini wakeyo ndi amene sakuona kanthu.

ANABANDA: Kwa Chenjera ndiye onse awiri ali ku mowa.

WOFOTOKOZA: Mzere wokhala ndi a-wave yabwino koma wopanda b-wave umatchedwa negative ERG, ndipo umaloza vuto pa mphambano ya ma rod ndi ma bipolar. Anthu obadwa ndi mtundu wina wa vuto losaona usiku amatulutsa mzere wotere, chimodzimodzinso akavalo ena a mtundu wa Appaloosa. Kwa ma Beagle aja, jini yolakwika inapezeka mu 2019 ndi ofufuza a pa University of Pennsylvania, ndipo dzina lake ndi LRIT3. Matenda awo sapitirira: galu amabadwa nawo, amakalamba nawo, masana akuonabe. Izi n'zosiyana ndi gulu lina lalikulu la matenda akumtundu lotchedwa progressive retinal atrophy, PRA, limene limapezeka m'mitundu yambiri ya agalu. PRA nayo imayamba ndi kusaona usiku chifukwa ma rod ndiwo amayamba kufa, koma ma cone amatsatira, ndipo mapeto ake ndi khungu la usana ndi usiku. Mwa agalu a mtundu wa Irish Setter muli PRA ina yoyamba ali tiana. ERG imaona kufooka kwa ma rod kusintha kulikonse kusanaoneke mkati mwa diso, ndipo galu akayezedwanso pakapita miyezi, zimadziwika ngati mzere waima pomwepo kapena ukunka nutsika.

ANABANDA: Tsono wanuyu ali gulu liti? Wa ku France kapena wa ku Japan? Ine ndimamudziwa amake, ankakhala kuseri kwa chigayo.

ACHISALE: Poyang'ana mayendedwe ake, ine ndi luso langa ndinganene kuti...

ANABANDA: Mwangonena kumene kuti poyang'ana sizidziwika. Kapena makinawo munabwera nawo ali pansi pa bedi?

ACHISALE: Ayi, koma munthu ukakhala pafupi ndi madokotala...

ANABANDA: Ine ndakhala pafupi ndi tchalitchi chibadwire, sindinadalitsepo ukwati wa munthu.

WOFOTOKOZA: Apa aNabanda alondola. Galu wogunda zinthu usiku akhoza kukhala ndi ng'ala, akhoza kukhala wokalamba chabe, ndipo zolakwika za RPE65 ndi LRIT3 zinapezeka m'mitundu yodziwika ya agalu, osati mwa galu aliyense wa m'mudzi. ERG nayonso ili ndi malire. Imayeza retina yokha, ndiponso yonse pamodzi, choncho kabala kakang'ono pa mbali imodzi sikaonekera. Mtsempha wopita ku ubongo ukawonongeka, kapena vuto likakhala mu ubongo momwemo, galu amakhala wakhungu koma mzere wake uli wabwinobwino. M'zipatala za ziweto kuyezaku kumachitika kawirikawiri pa zifukwa zina ziwiri: asanachite opaleshoni ya ng'ala, kuti adziwe ngati retina imene yabisika kuseri kwa ng'alayo ikugwirabe ntchito, ndiponso galu akachita khungu mwadzidzidzi, pamene mzere wongoti tantha umaloza matenda otchedwa SARDS.

ANABANDA: Nanga akadziwa gulu lake, amapindula chiyani? Galu amapita kwawo ndi pepala la mzere, n'kukagunda chitseko.

ACHISALE: Simunamve za Lancelot?

ANABANDA: Ndi bwana wanu wa ku Joni?

ACHISALE: Ndi galu, mayi a Tadala. Wa magazi a Briard, wobadwa ndi vuto la RPE65. Ofufuza a ku Cornell, Pennsylvania ndi Florida anatenga kachilombo kosadwalitsa kotchedwa AAV, anakalongedza jini yabwino ya RPE65, n'kukabaya kuseri kwa retina ya diso limodzi. Zotsatira zinatuluka mu 2001 m'magazini ya Nature Genetics. Patapita miyezi yochepa, diso lobayidwa linayamba kutulutsa mzere wotsika ndi kukwera, linzake lili chigonere. Atawayendetsa agalu obayidwa motero pakati pa zopinga m'chipinda cha kuwala kochepa, ankalambalala za mbali ya diso lobayidwa n'kumagunda za mbali inayo.

ANABANDA: Bwanji osabaya onse awiri? Mankhwala anawathera?

ACHISALE: Akanabaya onse, wina akanati galuyo wangozolowera chipindacho. Diso losiyidwalo ndiye mboni. Galu mmodzi, ubongo umodzi, mankhwala ogonetsa amodzi, koma mizere iwiri yosiyana. Pamenepo palibe angatsutse. Lancelot mpaka anapita naye ku Washington kukaonekera kwa aphungu a nyumba ya malamulo.

ANABANDA: Galu kukafika ku nyumba ya malamulo ya ku America! Inu ku Joni munabwerako pa basi, katundu ali pamiyendo.

WOFOTOKOZA: Kufunika kwa agaluwa kunapitirira pa ziweto, chifukwa jini yomweyo ya RPE65 ikalakwika mwa munthu imabweretsa mtundu wina wa matenda otchedwa Leber congenital amaurosis, amene amachititsa ana kusaona bwino kuyambira ali makanda, makamaka mumdima. Diso la galu ndi loyandikira kukula kwa la munthu, choncho opaleshoni yoyeseredwa pa galu inali yosavuta kuisamutsira kwa anthu. Mu 2008 magulu a ku Philadelphia ndi ku London analengeza zotsatira zoyamba mwa anthu, ndipo mu Disembala 2017 bungwe loona za mankhwala la ku America, FDA, linavomereza mankhwala otchedwa Luxturna. Mtengo wake unaikidwa pa madola 850,000 pa maso awiri. Ma Beagle a LRIT3 nawonso anayesedwa: mu 2022 gulu la Keiko Miyadera ku Pennsylvania linalemba kuti litabaya jini yabwino m'madzi a mkati mwa diso, b-wave imene inkasowa ija inabwerera, ndipo agaluwo anayamba kuyenda bwino mumdima.

ANABANDA: Madola 850,000. AChisale, mugulireni tochi galuyo, mum'mangirire pamutu. Koma tsopano imvani chimene ndabwerera chenicheni. Galu wanga Dona ali ndi bere, ndipo mpanda uwu uli ndi bowo limene ine sindinaboole. Mwati matendawa ndi akumtundu. Tiana tikabadwa togunda ndowa, mlandu ndi wanu.

ACHISALE: Aaa, pamenepo ndiye khalani pansi, aneba. Matenda a Briard ndi a Beagle aja safalikira kuchokera kwa kholo limodzi. Mwana amalandira jini ziwiri, ina kwa bambo ina kwa mayi, ndipo amadwala pokhapokha zonse ziwiri zili zolakwika. Wokhala ndi imodzi yolakwika amaona bwinobwino usana ndi usiku, amangoinyamula. Ndiye ngati vuto la Chenjera lili la mtundu umenewo, kamwana kakabadwa kosaona usiku, theka la mlandu lachokera kwa Dona.

ANABANDA: Dona wanga? Amene amaona khoswe pa denga pakati pa usiku? Kumtundu kwathu kulibe zimenezo.

ACHISALE: Kumtundu kwanu kapena kwa Dona?

ANABANDA: Samalani pakamwa, bambo a Mphatso.

WOFOTOKOZA: Onyamula jini yolakwika awiri akakwerana, mwayi woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi, woti akhale wonyamula chabe ndi iwiri mwa inayi, ndipo woti asatenge kanthu ndi umodzi mwa inayi. Galu wodwala akakwerana ndi wonyamula, mwayi wa kudwala umafika theka. Akakwerana ndi wopanda jini yolakwika, palibe mwana wodwala, koma onse amakhala onyamula. Wonyamulayo ERG siimugwira, chifukwa retina yake imagwira ntchito mokwanira. Ntchito imeneyo ndi ya kuyeza DNA, kumene kumangofuna timagazi pang'ono kapena kathonje kopukutira mkati mwa tsaya, popanda kum'gonetsa galu. Oweta ma Briard ndi ma Irish Setter amagwiritsa ntchito njira imeneyi posankha agalu okweretsa, ndipo wonyamula sachita kum'taya, amangom'pezera mnzake wopanda jiniyo. Koma kuyeza DNA kumangoona cholakwika chimene chikudziwika kale. Galu akabwera ndi vuto la mtundu watsopano, kapena pakafunika kudziwa ngati mankhwala agwira, amabwereranso ku chipinda cha mdima chija ndi mawaya ake atatu.

ANABANDA: Chabwino. Tikabadwa tinayi, kamodzi kodwalako n'kanu, titatu tabwinoto n'tanga.

ACHISALE: Sizigawika choncho, aneba. Kamwana kalikonse kali ndi mwayi wakewake. Tikhoza kubadwa tonse tabwino, tikhoza kubadwa tiwiri todwala.

ANABANDA: Ndiye tizidziwa bwanji popanda makina anu a golide aja?

ACHISALE: Tidikire tiyambe kuyenda, tidzatiyese madzulo pabwalo panu. Muzidzangosuntha mipando.

ANABANDA: Pabwalo panu, aChisale. Ndipo mipandoyo ikhale yanu.